Mwana wodwaladwala pamalo olerera ana a pakhomo: zochita pang'onopang'ono

Aliyense wolera ana a eni pakhomo pake amalidziwa vuto ili. Mwana amene anajomba sabata yatha chifukwa cha chimfine wabweranso mamina ali chuchuchu, wina akutsokomola, wina akuti anasanza usiku koma wachira, ndipo makolo onse akuthamangira ku ntchito. Mukamulandira, mkuja adwala atatu. Mukamubweza, makolo akhumudwa, mwinanso kumuchotsa kumene. Ambiri amalephera apa chifukwa chigamulo amachipangira pakhomo, mwana ali kale m'manja, bambo ake akuyang'ana pa wotchi.

Kudwaladwala pa msinkhu umenewu sikodabwitsa. Mwana wamng'ono amadwala chimfine ka 6 mpaka ka 8 pa chaka, ndipo amene wangoyamba kumene kukhala pagulu la anzake akhoza kufika ka 10 kapena ka 12. Chimfine chimodzi chimatenga masiku 7 mpaka 10, pomwe chifuwa chake chimatha kutsalira mpaka sabata zitatu. Mukawerengetsa bwino muona kuti mwana wathanzi lake akhoza kumaoneka ngati sachira. Tsono inu simuli pamenepo kuti muchize. Ntchito yanu ndi kusiyanitsa ana atatu: amene angathe kukhala, amene ayenera kupita kwawo, ndi amene ayenera kuthamangitsiridwa kuchipatala pompano.

Zofunika kukhala nazo

- Choyezera kutentha kwa thupi cha manambala, choika m'khwapa, ndi batire lina losungira. Chagalasi chokhala ndi mekyule chisiyeni, chikasweka ndi poizoni.
- Wotchi kapena foni yoonetsa masekondi.
- Kope lolembamo za matenda zokhazokha, mwana aliyense tsamba lake.
- Fomu ya mwana aliyense: manambala a foni a makolo ndi a munthu wachitatu amene angadzamutenge, matenda amene ali nawo kale monga mphumu, zinthu zimene thupi lake limadana nazo, kulemera kwake, ndi chithunzi cha khadi la katemera.
- Sopo, madzi ochita kuthira kapena a pampopi, ndi mapepala opukutira m'manja. Ngati muli ndi tinsalu, mwana aliyense akhale ndi kake.
- Magolovesi ovala kamodzi, majumbo apulasitiki, ndi ndowa ya zinyalala yokhala ndi chivindikiro.
- Klorini wa m'botolo ndi beseni loponyamo zidole zimene zalowa m'kamwa.
- Mapaketi a ORS (mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi), choyezera lita imodzi, kapu ndi kasupuni.
- Sirinji yoyezera mankhwala amadzi, ndi kabati yokhoma imene ana sangaifike.
- Pogona papadera: matiresi okutidwa ndi pulasitiki, nsalu yoyala, ndi kabeseni kosanziramo.
- Nambala ya chipatala chapafupi ndi ya munthu wa galimoto, zolembedwa zikuluzikulu pakhoma.

Gawo 1: Lembani malamulo matenda asanabwere

Tsamba limodzi ndi lokwanira. Makolo aliwerenge ndi kusainira tsiku limene akubweretsa mwana koyamba, onse mitima ili m'malo. Ngati boma lili ndi malamulo ake a malo olerera ana, amenewo ndiwo oyamba, anuwo angowonjezera. Tsambalo linene momveka kuti mwana asabwere, kapena adzatengedwe, pa zifukwa izi:

- Thupi latentha kufika madigiri 38 kapena kuposa. Abwerere patatha maola 24 thupi litazizira lokha, popanda mankhwala.
- Wasanza kawiri kapena kuposa, kapena akutsegula m'mimba. Abwerere patatha maola 48 kuchokera pamene anasanza kapena kutsegula komaliza.
- Watuluka zidzolo thupi lili motentha. Ayambe waonedwa kuchipatala.
- Katsabola: mpaka matuza onse atauma n'kuchita nkhanambo, zimene zimatenga masiku 5 kapena kuposerapo.
- Chikuku: masiku osachepera 4 kuchokera tsiku limene zidzolo zinatuluka, ndipo achipatala adziwitsidwe.
- Mphere kapena zipere: abwerere akayamba kupakidwa mankhwala.
- Wafooka moti akufuna kukhala m'manja mwanu tsiku lonse. Ngakhale thupi lisatenthe, mwana wotere akulepheretsani kuyang'anira anzake.

Lembaninso zimene sizibweza mwana: mamina okha, ndi chifuwa chotsalira cha mwana amene akudya, kusewera ndi kupuma bwinobwino. Mamina akasanduka achikasu kapena obiriwira si chifukwa chobwezera mwana, ndi mmene chimfine chimayendera. Mukamabweza mwana aliyense wa mamina, makolo atopa nanu, ndipo tsiku limene mudzaimbe pa nkhani yeniyeni adzazengereza.

Zinthu ziwiri zimene ambiri amaiwala kulemba: nthawi imene makolo ayenera kufika mukawaimbira, mwachitsanzo pasanathe ola limodzi, ndi nkhani ya malipiro pa masiku amene mwana wajomba. Nkhani yachiwiriyi musaichitire manyazi. Makolo ambiri amene amabisa matenda a mwana sachita dala mwankhanza, amaopa kutaya tsiku la ntchito ndi malipiro omwe. Mukagwirizana poyambirira, ndi kuwalimbikitsa kupezeratu munthu wowathandiza pa masiku otere, kubisako kumachepa.

Chenjezo: lamulo mukaliswa kamodzi chifukwa cha mnzanu kapena mbale, latha. Makolo amauzana.

Gawo 2: Muyang'aneni mwana makolo asanachoke

Izi zimatenga mphindi imodzi yokha, koma ndi mphindi yofunika kuposa zonse pa tsikulo. Njutani kuti muyang'anizane naye. Mupatseni moni muone ngati akuyankha monga mwa masiku onse. Yang'anani maso ngati afiira kapena ali ndi manthongo, mverani kapumidwe kake, mukhudzeni pakhosi ndi kuseri kwa dzanja lanu, ndipo pomuvula juzi suzumirani pamimba ndi pamsana ngati pali zidzolo. Mukakayika, yezani kutentha makolo akuona.

Kenaka funsani mafunso atatu: wagona bwanji, wadya bwanji, ndipo wamwa mankhwala alionse? Funso lachitatuli ndiye mwini nkhani. Paracetamol amagwira ntchito maola 4 mpaka 6, kotero mwana amene wamwetsedwa m'mamawa amafika ali wosangalala, kenaka cha kumasana thupi limayaka. Funsani mosaweruza: "Amayi, mwamupatsako mankhwala alionse m'mawa uno? Ndikufunsa kuti akatentha masana ndisadzamubwerezere asanathe mphamvu." Chifukwa chimenechi n'choona, ndipo munthu amayankha zoona akaona kuti simukumukola.

Chenjezo: musalandire mwana ali m'tulo n'kungomugoneka. Ngati wafika atagona, mudzutseni pang'ono makolo asanapite. Mwana wovuta kudzutsa si wotopa chabe.

Gawo 3: Akayamba kudwala masana, mupatuleni ndipo yezani

Zizindikiro zoyamba nthawi zambiri si kutentha. Mwana wolongolola amangoti ziii, wokonda kudya amakankha mbale, wina amangolira akufuna kunyamulidwa. Mukaona kusintha kotere, mugonekeni pamalo ake apadera aja, patali pang'ono ndi anzake koma pamene maso anu akumuona nthawi zonse. Musamutsekere m'chipinda yekha.

Poyeza kutentha, pukutani thukuta m'khwapa, lowetsani nsonga ya choyezera pakatikati penipeni, ndipo gwirani mkono wake mouphatikiza ndi thupi mpaka choyezeracho chilire. Ngati anafunda kwambiri kapena amathamanga, dikirani mphindi zingapo kaye. Lembani nambala ndi nthawi m'kope pompo, chifukwa mukadikira mudzaiwala.

Kenaka werengani kapumidwe. Anthu ambiri sachita zimenezi, chonsecho ndiyo njira imene achipatala amayambira pofufuza chibayo. Dikirani mwana akhale chete, chifukwa akamalira nambala imanama. Kwezani malaya ake, yang'anani pamimba, ndipo werengani kukwera kwa mimbayo kwa mphindi yathunthu, osati theka n'kuchulukitsa, poti ana amapuma modukizadukiza. Malinga ndi malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akapuma ka 40 kapena kuposa pa mphindi, akupuma mofulumira. Kwa wa miyezi 2 mpaka 11, malire ndi ka 50. Mukuwerenga choncho, yang'anitsitsani m'munsi mwa nthiti. Mwana wabwinobwino akamakoka mpweya chifuwa chimatukuka. Ngati pamene akukoka mpweya m'munsi mwa chifuwamo mukulowa m'kati, akuvutika kupuma, ndipo ndi wa kuchipatala.

Podikira makolo, muvuleni zovala zochindikala atsale ndi chopepuka, ndipo muzimupatsa madzi pang'onopang'ono koma pafupipafupi.

Chenjezo: musamusambitse madzi ozizira kapena kumukulunga m'nsalu yonyowa. Amayamba kunjenjemera, amazunzika, ndipo kutenthako sikutsika kwenikweni. Kumufunditsa mabulangete kuti atuluke thukuta nakonso n'kolakwika.

Gawo 4: Dziwani zizindikiro zosadikira makolo

Mukaona chimodzi mwa izi, nyamukani kapena itanani thandizo kaye, makolo muwaimbire muli m'njira:

- akulephera kumwa kapena kuyamwa;
- akusanza chilichonse chimene walowetsa;
- wakomoka kapena akugwedezeka;
- walefuka kwambiri, sakudzuka bwino, kapena sakukuzindikirani;
- akubanika, m'munsi mwa chifuwa mukulowa m'kati, akulira m'khosi pokoka mpweya ali chete, kapena milomo yasintha mtundu;
- khosi lauma, kapena watuluka timadontho tofiira kapena takuda timene sitizimirira mukatidinikiza ndi tambula yagalasi;
- maso alowa m'kati, ndipo khungu la pamimba mukalitsina likuchedwa kubwerera;
- milomo, lilime kapena nkhope zatupa mwadzidzidzi.

Ngati mukusunganso khanda losakwana miyezi itatu, kutentha kwa madigiri 38 kokha n'kokwanira kupita nalo kuchipatala nthawi yomweyo. N'chimodzimodzi mwana wa matenda a magazi otchedwa sickle cell pa msinkhu ulionse. Kumadera kumene kuli malungo, mwana aliyense wotentha thupi akayezedwe magazi tsiku lomwelo, musadikire kuti muone mawa. Chimbudzi cha magazi nachonso chikufuna chipatala tsiku lomwelo.

Kukomoka kobwera ndi kutentha thupi kumachitika mwa ana a miyezi 6 mpaka zaka 5, ndipo kumachititsa mantha koopsa kwa amene akukuona koyamba. Mugonekeni chammbali pansi pofewa, chotsani zinthu zomuzungulira, yang'anani wotchi. Musamuike kanthu m'kamwa, kaya supuni, chala kapena madzi. Sangameze lilime, koma mukhoza kumuthyola mano kapena kumutsamwitsa. Musamupanikize kuti asiye kugwedezeka. Nthawi zambiri kumatha pasanathe mphindi zisanu. Kukapitirira mphindi 5, ndi ngozi yofunika thandizo lachangu. Ngakhale kutatha msanga, akaonedwe kuchipatala tsiku lomwelo.

Chenjezo: konzeranitu amene adzatsale ndi ana enawo mukathamangira kuchipatala. Akhale munthu wamkulu amene makolo akumudziwa kale, ndipo dzina lake likhale pa tsamba la malamulo lija.

Gawo 5: Imbani foni, nenani zimene mwaona

Uthenga wolemba ukhoza kuwerengedwa madzulo, choncho imbani. Musanene kuti "sakuoneka bwino", chifukwa mawu amenewa amasiya mpata wokambirana. Nenani manambala: "Bambo, mwana watentha thupi madigiri 38.6 nthawi ya 11:20, wakana chakudya ndipo wasanza kamodzi. Akumwa madzi ndipo akupuma bwino. Ndikupempha mudzamutenge pasanathe ola limodzi monga tinagwirizana." Akapanda kuyankha, yesani kholo linalo, kenaka munthu wachitatu uja.

Musatchule dzina la matenda. Mukanena kuti ndi mano akumera kapena ndi chimfine chabe, makolo akhoza kusiya kupita kuchipatala chifukwa cha mawu anu. Kumera mano kumachititsa dovu ndi kunyanyuka kwa nkhama, koma sikutenthetsa thupi kufika madigiri 38 ndipo sikutsegula m'mimba. Ana ambiri achedwetsedwa kulandira thandizo chifukwa cha bodza la manoli.

Akabwera kudzamutenga, apatseni kapepala kolembedwa zimene mwaona, nthawi yake, zimene wamwa, ndi tsiku loyambirira limene angabwerere. Makolo a ana enawo auzeni kuti pakhomo pano pabuka kutsegula m'mimba kapena katsabola kuti akhale tcheru, koma osatchula mwana amene wayamba.

Gawo 6: Mankhwala

Apa khalani ouma mtima. Musapatse mwana mankhwala alionse popanda chilolezo cholembedwa cha makolo. Mankhwala abwere m'botolo kapena m'paketi yake yeniyeni, yolembedwa dzina la mwana, mlingo ndi nthawi. Obwera m'kabotolo kopanda dzina kapena osungunulidwa kale m'chakumwa akanizeni.

Yezani ndi sirinji. Masupuni a kukhitchini amasiyana kukula, ndipo mlingo wa mwana umatsata kulemera kwake, osati kungoyerekeza. Paracetamol asabwerezedwe pasanathe maola 4, ndipo asapitirire ka 4 pa maola 24, kuwerengera ndi amene wamwa kwawo. Werenganinso pabotolo, chifukwa mankhwala ena a chimfine amakhala ndi paracetamol kale m'kati. Ibuprofen asaperekedwe kwa mwana wa katsabola kapena amene watha madzi m'thupi. Aspirin ndi woletsedwa kwa ana pokhapokha dokotala atalamula, poti amatha kuyambitsa matenda oopsa a chiwindi ndi ubongo. Mankhwala a chifuwa ndi chimfine ongogula pasitolo sathandiza ana aang'ono chonchi ndipo akhoza kuwavulaza.

Mukamwetsa, lembani nthawi ndi mlingo, makolo asainire pomutenga.

Chenjezo: mankhwala a mwana wina musapatse mnzake ngakhale zizindikiro zifanane. Ndipo paracetamol ndi wopeputsira mwana ululu podikira makolo, osati womusungira pakhomo panu mpaka madzulo.

Gawo 7: Kutsegula m'mimba ndi kusanza

Chimene chimapha mwana wotsegula m'mimba ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo mwa mwana wamng'ono kumabwera mofulumira. Musadikire makolo kuti muyambe ORS, chilolezo chake chikhale kale pa fomu. Sungunulani paketi yonse m'madzi aukhondo a mlingo umene walembedwa papaketipo, nthawi zambiri lita imodzi. Musachepetse madzi poganiza kuti akhala wamphamvu, mchere ukachuluka umavulaza. Mwana wosakwana zaka 2 amwe mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse akatsegula, wa zaka 2 kupita m'tsogolo amwe 100 mpaka 200. Mupatseni ndi kasupuni kapena timadzi pang'onopang'ono. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso modekha. ORS wotsala atayidwe pakatha maola 24. Zakumwa za shuga wambiri zimangowonjezera kutsegulako.

Werengani matewera. Lembani kuti watsegula kangati ndiponso kuti wakodza komaliza nthawi yanji. Thewera likakhala louma kwa maola ambiri, m'kamwa mwauma, akulira popanda misozi, madzi akutha. Kumbutsaninso makolo kuti akafunse kuchipatala za mapiritsi a zinc, amene WHO imalangiza kuti mwana wotsegula m'mimba amwe kwa masiku 10 mpaka 14.

Masanzi akagwa pansi, chotsani ana onse kaye. Valani magolovesi, wolani ndi mapepala, tsukani ndi sopo, kenaka thirani klorini wosungunula pa mphamvu ya 0.5 peresenti (onani Gawo 8). Zovala zoipitsidwa musazichape pamenepo, zimangeni m'jumbo mupatse makolo.

Gawo 8: Dulani njira zimene matenda amayendera

Pakati pa ana aang'ono matenda amayenda kwambiri pa manja, pa zidole ndi pa malo osinthira matewera. Kusamba m'manja ndi sopo kwa masekondi 20 ndiko chida chachikulu: pofika m'mawa, musanadye kapena kukonza chakudya, mukasintha thewera, mukachoka kuchimbudzi, ndiponso mukapukuta mamina. Manja a mwana nawonso asambitsidwe mukamusintha thewera, ngakhale sanagwire kanthu. Madzi akhale othira, osati beseni limodzi losambamo onse. Sanitaiza amathandiza popanda madzi, koma sagonjetsa bwino tizilombo tina toyambitsa kusanza monga norovirus, choncho m'nyumba mukabuka za m'mimba, sopo yekha ndiye wodalirika.

Malo osinthira matewera akhale amodzi, kutali ndi kokonzera chakudya, ndipo apukutidwe mwana aliyense akachokapo. Magolovesi salowa m'malo mwa kusamba m'manja.

Klorini amafuna kusungunula moyenera, ndipo apa ambiri amangothira ndi maso. Yang'anani pabotolo kuti ndi wa maperesenti angati. Popukutira matebulo, zogwirira zitseko ndi malo osinthira matewera mukufuna mphamvu ya 0.1 peresenti: ngati klorini wanu ndi wa 5 peresenti, sakanizani gawo limodzi ndi magawo 49 a madzi, ngati ndi wa 3.5 peresenti, gawo limodzi ndi magawo 34. Pa masanzi, chimbudzi kapena magazi mukufuna 0.5 peresenti: gawo limodzi ndi magawo 9 a madzi kwa wa 5 peresenti, kapena magawo 6 kwa wa 3.5 peresenti. Tsukani ndi sopo kaye, chifukwa klorini sagwira bwino pa litsiro, ndipo musiyeni akhale chinyowere kwa mphindi imodzi kapena kuposa musanapukute. Zidole ndi matebulo odyera muzitsukuluze ndi madzi oyera pambuyo pake. Sungunulani watsopano tsiku lililonse.

Chenjezo: klorini musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira, amatulutsa mpweya wapoizoni. Botolo lake lilembedwe ndipo likhale m'kabati yokhoma, osati m'botolo la chakumwa.

Chidole chikalowa m'kamwa mwa mwana, akangochisiya chiponyeni m'beseni lija, mudzatsuke madzulo. Makapu, matawulo ndi zofunda, aliyense zake zolembedwa dzina. Pogona masana, talikitsani matiresi pafupifupi mita imodzi, ndipo agone mosemphanitsa, mutu wa uyu kumapazi kwa uyo. Tsegulani mawindo. Utsi wa fodya kapena wa moto usafike kumene kuli ana, chifukwa umawonjezera chifuwa, matenda a m'khutu ndi mphumu.

Gawo 9: Tsatani mwana amene amadwala kuposa anzake

Apa ndi pamene kope lija limaonetsa phindu lake. Pamutu pokha, mwana wa chimfine ka 8 ndi mwana amene thupi lake lili ndi vuto lenileni amaoneka chimodzimodzi, onse timangoti ndi odwaladwala. Pa pepala amasiyana. Nthawi iliyonse lembani tsiku limene wayamba, zizindikiro, kutentha, masiku amene wajomba, zimene achipatala ananena, ndi tsiku limene wabwerera mwakale.

Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, werengani tsamba lake ndi funso limodzi: kodi pakati pa matendawo amachira? Mwana amene amadwala, n'kuchira, n'kusewera, kudya ndi kukula, kenaka n'kutenganso chimfine china, chitetezo cha thupi lake chikungokumana ndi tizilombo tatsopano, ndipo kudwalako kumachepa akamakula. Makolo a mwana wotere amafunika kulimbikitsidwa, poti ambiri amadziimba mlandu kapena kuimba mlandu inu.

Koma pali zina zimene simuyenera kuzilekerera. Mwana amene sakunenepa kapena akutsika sikelo. Chifuwa chopitirira sabata ziwiri chosasintha, makamaka ngati kwawo kuli munthu wa chifuwa chachikulu. Kutsegula m'mimba kofika masiku 14. Chibayo kawiri pa chaka chimodzi. Matenda a m'khutu obwerezabwereza, ka 4 kapena kuposa pa chaka, kapena khutu lotuluka mafinya. Zoyera za m'kamwa zosatha mwa mwana wopitirira chaka. Kulira m'chifuwa ndi kubanika nthawi iliyonse akadwala chimfine kapena akathamanga. Zikhatho ndi m'kati mwa zikope zoyezuka, mwana wotopa msanga. Onaninso mwana amene amadwala m'khutu pafupipafupi ngati akumva mukamuitana chakumbuyo, chifukwa madzi otsalira m'khutu amachepetsa kumva ndipo amachedwetsa kuyankhula.

Inu mumakhala ndi mwanayo maola ambiri ali maso, mwina kuposa makolo ake, ndiye mukhoza kukhala woyamba kuzindikira. Musayambitse nkhaniyi pakhomo ena akumva. Pemphani nthawi yapadera, tsegulani kope, ndipo nenani modekha: "Amayi, taonani zimene ndalemba miyezi itatuyi. Sindikunena kuti pali vuto, koma ndingakonde adokotala aone tsamba limeneli." Apatseni chithunzi cha tsambalo apite nacho. Dokotala amene akuona mwana kwa mphindi zochepa amathandizidwa kwambiri ndi mbiri yolembedwa chonchi. Pamenepo yang'ananinso khadi la katemera ngati palibe amene anadumphidwa. Chimfine chochepa si chifukwa chozengerezera katemera.

Ndikunena motsindika: musachotse mwana pakhomo panu chifukwa chodwala pafupipafupi basi. Ngati makolo akutsata malamulo, mwanayo sanalakwe kanthu. Amene mungasiyane nawo ndi makolo amene amabisa matenda mobwerezabwereza kapena kukana kudzatenga mwana, chifukwa amaika ana a anzawo pangozi.

Gawo 10: Inu eni mukadwala

Malamulo omwewo akukhudzani. Ngati mukusanza kapena kutsegula m'mimba, musakonze chakudya cha ana ndipo musawasamalire mpaka patatha maola 48. Makolo adziwiretu kuti tsiku lotere likhoza kubwera ndi zimene zidzachitike. A m'banja mwanu akadwala, akhale kutali ndi kumene kuli ana. Ngati ndinu woyembekezera, uzani achipatala ntchito imene mumagwira, ndipo pakabuka katsabola kapena chikuku afunseni tsiku lomwelo.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kuyeza kutentha ndi dzanja lokha. Dzanja limakuuzani kuti muyeze, silikuuzani nambala.

Kungodalira choyezera n'kuiwala mwana. Wa madigiri 39 amene akumwa ndi kuyankhula amadetsa nkhawa pang'ono kusiyana ndi wa 37.8 amene walefuka ndipo akupuma mofulumira.

Kulandira mwana msanga chifukwa "wayamba mankhwala". Maantibayotiki sapha mavairasi amene amayambitsa chimfine ndi kutsegula m'mimba kochuluka, ndiye kumwa kwake sikufupikitsa maola 24 kapena 48 aja. Musakakamizenso makolo kukapempha mankhwala amenewa kuti mwana abwerere.

Kuwerenga maola 48 kuchokera pamene matenda anayamba, m'malo mwa pamene anasanza kapena kutsegula komaliza. Mwana amapitiriza kufalitsa tizilombo ngakhale akuoneka kuti wachira.

Kupukuta mamina a ana angapo ndi kansalu kamodzi, kapena kulawa chakudya ndi supuni imene mukudyetsera mwana.

Kumumana chakudya ndi madzi mwana wotsegula m'mimba poganiza kuti m'mimba mupume. Apitirize kumwa, kuyamwa ndi kudya pang'onopang'ono.

Kugoneka mwana wodwala kuchipinda n'kumaganiza kuti tulo timuchiza. Muzimusuzumira pafupipafupi, kumukhudza ndi kuonetsetsa kapumidwe kake.

Kusunga manambala a foni akale. Funsani makolo miyezi itatu iliyonse ngati manambala awo, a munthu wachitatu uja, ndi kulemera kwa mwana pa fomu zasintha.